Amina, magazi a m'kamwawo usawabise

Amina mng'ono wanga,

Amayi andiuza pa foni kuti ukamatsuka mano umalavula magazi, ndiye mswachi wauponya kumbali. Akuti anzako ku Meluluca akukuuza kuti mimba ndi momwemo, mwana aliyense amatenga dzino limodzi la mayi wake. Zimenezo usamvere, mwana wa amayi. Khanda silidya mano a munthu.

Mayi akaima, thupi limasintha ndipo usinini umafewa, suchedwa kutupa. Totsalira ta nsima ndi usipa tikakanirira m'mphepete mwa mano, tizilombo timaswana pomwepo. Chiseyeye chimayamba choncho, ndipo ukaleka kutsuka ndiye wachipatsa malo.

Chikundisowetsa tulo ine ndi mwana wanyamulayo. Tizilombo ta m'kamwa tikhoza kulowa m'magazi kudzera m'tizilonda ta usinini mpaka kukafika pa nsengwa. Thupi likamalimbana nato limatulutsa zinthu zomwe zija zimauza chiberekero kuti nthawi yakwana, pomwe isanakwane. Madokotala aona kuti amayi a chiseyeye chachikulu amabereka msanga kawirikawiri kuposa anzawo. Mwana wobadwa masabata 37 asanathe amavutika kupuma, amalephera kuyamwa, sachedwa kuzizidwa. Ndiye uganize komwe uliko: ku Metangula ndi ulendo, ku Lichinga ndi ulendo wina.

Kuno ku Lilongwe nkhaniyi anaifufuza. Akatswiri a Baylor College of Medicine anatsatira amayi oposa 10,000 m'zipatala 8. Onse anaphunzitsidwa kusamala m'kamwa, koma ena anapatsidwanso chingamu cha xylitol, chomwe tizilombo tooletsa mano sititha kudya, kuti azitafuna kawiri pa tsiku. Zotsatira zinalengezedwa mu 2022: mwa amayi 100 alionse otafuna, pafupifupi 13 anabereka masiku asanakwane, pamene mwa osatafuna anali oposa 16.

Alamu ndikuwadziwa, akamva izi athamangira pa okala kukakugulira chingamu chodzadza thumba. Uwaletse. Cha pa okalacho chambiri ndi cha shuga, chingoonjezera vuto. Ndalamayo agule mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano.

Uzitsuka m'mawa ndi usiku pokagona, mofatsa, ngakhale magazi atuluke. Chiseyeye chikakhala chongoyamba kumene, magaziwo amachepa pakapita masiku. Ukasanza uchukuche kaye ndi madzi oyera, mswachi ubwere pambuyo pake, chifukwa masanzi amafewetsa mano. Tiyi wako wa masupuni anayi a shuga uja nayenso achepe.

Usati poti mano ayera ndiye zatha. Kwathu kunyanjako malungo nawonso amagwetsa ana ambiri masiku asanakwane. Neti uzigonamo ngakhale kutenthe, Fansidar wa kusikelo uzimwa, mapiritsi oonjezera magazi aja usamawasunge m'chikwama.

Chondikwiyitsa n'chakuti kusikelo umangoonetsa mimba, pakamwa uli chitsekere. Manyazi a chiyani? Mayi woyembekezera amaloledwa kuonedwa mano, ndipo kutsukidwa usinini kuchipatala sikupweteka mwana. Ulendo ukubwerawu uwauze anamwino kuti usinini ukutuluka magazi, uyasamule aone okha. Ngati dzino likugwedera kapena pakutuluka mafinya, upemphe akutumize kwa owona za mano.

Ndipo ukadzamva msana ukudula mobwerezabwereza, kapena madzi atuluka mwezi usanakwane, usadikire kuti kuche kapena alamu abwere ku usodzi. Udzutse amayi, munyamuke.

Ukachokako kusikelo undiimbire, ndimve zimene anena.

Ndine mkulu wako,
ku Lilongwe