Zimene timaona pa silaidi ya malungo, ndi zimene zimatibisalira

Dontho la magazi a pachala ndi lokwanira pa ntchito yathu. Ife a mu labotale timalipaka pa kagalasi m'njira ziwiri: mbali ina lochindikala, mbali inayo lopyapyala, lokokedwa ndi m'mphepete mwa kagalasi kena. Lochindikalalo lili ndi muyeso wake. Ukaika nyuzipepala pansi pake, zilembo zizionekerabe pang'ono. Methanol timathira pa lopyapyala lokha, chifukwa akangokhudza linalo maselo ofiira sasweka, ndipo silaidiyo yapita pachabe. Kenako utoto wa Giemsa, wosakaniza ndi madzi a pH 7.2, mphindi 10 ngati uli wa 10 peresenti. Madziwo akalakwika mitundu imasokonekera, ndipo munthu wongoyamba kumene amatha kuwerenga zinyalala za utoto n'kumati ndi tizilombo.

Silaidi ikauma timadonthezapo mafuta n'kuiika pa maikulosikopu yokulitsa zinthu maulendo 1,000. Kachilombo ka malungo kamaoneka ngati kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira. Usananene kuti mulibe kanthu, uyenera kuyang'ana malo osachepera 100 pa silaidi imodzi, ndipo msana ndi maso zimaimva ntchitoyi.

Utotowu ndi wakale. Gustav Giemsa anaukonza ku Hamburg, ndipo wakhala ukugwira ntchito kuyambira 1904. Chimene chimandichititsa nsanje n'chakuti Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali amene anayamba kuona kachilomboka mu 1880 ku Algeria, anakaona kali moyo, kakugwedezeka m'magazi osapaka utoto. Ife timakaona katafa kale. Komanso pa mtundu wa Plasmodium falciparum, umene umatisautsa kwambiri kuno, nthawi zambiri timaona tizilombo tating'ono tokha. Tikakhwima, maselo amene tilimo amakamatirira m'timitsempha ta mu ubongo ndi ziwalo zina, kumene dontho la pachala silifika.

Maikulosikopu yathu ilinso ndi polekezera. Ernst Abbe anasonyeza mu 1873 kuti ndi kuwala wamba sungasiyanitse tinthu tiwiri toyandikana kuposa mananomita 200 kapena cha pomwepo, ndipo milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Kugula lenzi yodula sikuthandiza. Vuto lili m'kuwala momwemo.

Anzathu a m'malabotale akuluakulu a kafukufuku anapeza podutsira, ndipo poyambira pake ndi podabwitsa. Mu 1962 Osamu Shimomura anafotokoza za puloteni ya m'kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria, imene imawala mobiriwira ikaunikidwa ndi kuwala kwabuluu. Imatchedwa GFP, ndipo inapezetsa iye, Martin Chalfie ndi Roger Tsien mphoto ya Nobel mu 2008. Jini ya puloteniyi ikaikidwa m'kachilombo, kachilomboko kamawala kokha kali moyo, osafuna Giemsa. Mu 2006 ofufuza a ku Institut Pasteur ku Paris anajambula tizilombo towala chotere pa khungu la mbewa, udzudzu utangoluma. Ambiri ankaganiza kuti udzudzu umathira tizilombo m'mtsempha mwachindunji. Kanemayo anaonetsa kuti timatsikira m'khungu n'kumakwawa. Tina timaboola mtsempha n'kulowa m'magazi ulendo wa ku chiwindi, tina timasochera m'njira za madzi a m'thupi, tina timangotsalira pomwepo. Pa msinkhu umenewu m'pamene katemera wa RTS,S amalimbana nato, katemera amene dziko la Malawi linali loyamba kuyamba kupereka kwa ana m'zipatala mu Epulo 2019.

Malire a Abbe aja anadzadumphidwanso. Eric Betzig, Stefan Hell ndi William Moerner analandira Nobel mu 2014 chifukwa cha njira zoyatsa ndi kuzimitsa timadontho towala kuti tisaphimbane. Mu 2017 mphotoyi inapita kwa Jacques Dubochet, Joachim Frank ndi Richard Henderson, amene anakonza njira youmitsa mapuloteni ndi kuzizira koopsa n'kuwajambula ndi ma electron. Makina otere mtengo wake ndi wosayamba, ndipo amafuna magetsi osathimathima.

Koma phunziro limene linatigwedeza kwambiri ife owerenga masilaidi linachokera ku Blantyre konkuno. Kwa zaka zambiri mwana akakomoka, m'magazi mwake n'kupezeka tizilombo, aliyense ankati ndi malungo a mu ubongo basi. Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo pa chipatala cha Queen Elizabeth anayeza matupi a ana amene anamwalira, makolo atavomera, n'kuunika tizidutswa ta ubongo pa maikulosikopu. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Tizilombo m'magazi tinalimo ndithu, wa mu labotale sananame, koma si timene tinawapha. Chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa chinali kumbuyo kwa diso. Mwana amene tizilombo tamumatirira mu ubongo amakhala ndi mawanga oyera pamenepo, mitsempha yosintha mtundu ndi timadontho ta magazi, zimene Susan Lewallen anayamba kufotokoza ku Blantyre konkuno mu 1993.

Makina a MRI atafika pa chipatalachi mu 2008, anayamba kujambula ubongo wa ana odwalawa akadali moyo. Karl Seydel ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mu 2015: mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa 143 amene anapulumuka, otupa chotere anali 39. Ubongo wotupa umapanikiza gawo lolamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Choncho inu makolo, pepala lathu likati tizilombo tapezeka koma mwana ali chikomokere, musadabwe adokotala akafunanso kuyeza shuga, kuunika m'maso kapena kutenga madzi a pamsana. Sikuti akukayikira labotale. Aloleni ayeze.