Nyanja ya Mcere Siili Ngati Yathu

Inu abale anga a kumudzi, mudziwa kuti Nyanja ya Malawi imadzaza ndi mvula, nicepa m'cilimwe. Ine ndinafika ku Beira, m'dziko la Mozambique, ndi nzeru yomweyo, ndipo inatsala pang'ono kundiphetsa mwana.

Tsiku lina Lasabata, ine ndi mai a kunyumba tinatenga kamwana kathu ka zaka 3 kunka ku Macuti, kumene kuli nsanja younikira zombo usiku. Tinapeza madzi ali kutali, mcenga uli poyera. Tinayala nsaru, mai namasula cinangwa cophika. Kamwanako kanalawa madzi, nikalabvula, nikati, "Atate, wathira mcere ndani?" Tinaseka, ndi kukaleka katole zigoba za nkhono.

Ine tulo tinandiba. Ndinadzidzimuka ndi mfuu ya mai. Madzi anali atabwera mwakacetecete, atazinga kamtunda ka mcenga pamene panali mwana. Ndinalowa m'madzi ofika m'ciuno ndi kumbvuula. Nsapato zace zinapita.

Msodzi wina anandidzudzula, ndipo anacita bwino. Anati nyanja ya mcere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, cifukwa mwezi umakoka madziwo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, ku Beira madzi amakwera kuposa mamita 5.

Tsono mukadzapitako ndi ana, yambani mwafunsa asodzi nthawi yobwerera madzi. Ife timapitabe Lasabata liri lonse, koma wogona tulo pamcenga tsopano ndi mwana, osati ine ai.