Kamchenga pakati pa maginito ndi galasi

Ntchito yanga ndi yosamalira mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere kuno ku Cape Town, m'nyumba za anthu, m'mahotela ndi m'zipinda zodikiriramo dokotala. Ndimayeza madzi, ndimasungunula mchere, ndimatsuka mapampu, koma mwini thanki saona zonsezi. Iye akalowa m'nyumba maso amathamangira pagalasi, ndipo galasi likakhala ndi chifunga ndiye kuti kwa iye sindinabwere.

Chida chopalira galasi chili ndi mbali ziwiri, iliyonse ndi maginito otsekeredwa m'pulasitiki. Ina imalowa m'madzi ndipo nkhope yake ndi yokhakhala. Inayo imatsala m'dzanja langa, yomatidwa kansalu kofewa. Ziwirizi zimakokana galasi lili pakati, ndiye ndikayendetsa yakunja, yamkati imatsatira n'kumachotsa ndere, mkono wanga uli wouma. Si ulesi ayi. Sopo kapena mafuta odzola otsalira pakhungu amavulaza makorali, komanso m'madzimo muli eni ake. Lionfish ndi foxface zili ndi minga yaululu, ndipo timakorali tina ta mtundu wa Palythoa tili ndi poizoni woti akalowa pabala munthu amakagona kuchipatala.

Maginito amagulidwa molingana ndi kukhuthala kwa galasi. Oyenera galasi la mamilimita 10 ukawaika pa la mamilimita 19, mbali yamkati imapulumuka pokhota n'kugwera pamakorali. N'chifukwa chake ambiri timakonda a Mag-Float, omwe akalekana ndi anzake amayandama. Amphamvu a neodymium nawo ali ndi vuto lawo: pagalasi lopyapyala amakakamira, ndipo ukawagundanitsa kunja kwa thanki amakupana chala mpaka magazi kuundana.

Ndere ilinso mitundumitundu. Yofiirira ngati fumbi, imene imakonda mathanki atsopano, imachoka ukangodutsapo kamodzi. Yobiriwira imafuna kubwereza. Yovuta ndi coralline, timadontho tapinki tolimba chifukwa timadzimanga ndi laimu wa m'madzi. Imeneyo imamvera lezala yokha, ndipo apa ndimagwiritsa Flipper, chida chimene chimatembenuzika m'madzi momwemo, uku chokhakhala, uku lezala. Lezalayo ndimaiyendetsa kutsogolo kokha, osati chammbali, ndipo ndimaima ndisanafike pakona pamene pali silikoni. Silikoniyo ndi amene wagwira magalasi pamodzi, kumbuyo kwake kuli madzi malita mazanamazana. Thanki ikakhala ya acrylic, chitsulo sichiyandikira n'komwe.

Koma chimene ndimachiopa kuposa zonse ndi kamchenga kamodzi. Pansi pa thanki pamakhala mchenga, ndipo mapampu kapena nsomba zofukula zimauwulutsa. Kamodzi kakalowa pakati pa maginito ndi galasi, mphamvu yonse ya maginito ija imakakanikiza, iwe n'kumakakoka kuchokera uku mpaka uko. Mchenga wakuda ndiye woipitsitsa, chifukwa wina umakhala ndi tizitsulo timene timathamangira tokha kumaginito. Ndere ukaisiya lero udzaichotsa mawa, koma galasi likakalika mkati palibe chochita thanki ili ndi madzi. Choipa china n'chakuti m'mzere wokalikawo mumamera ndere imene chopalira sichifikamo, ndiye pamaso pa thanki pamakhala kamzere kobiriwira mpaka kalekale.

Choncho ndimapala ndi makutu. Chida chikamayenda bwino chimangoti see, osamveka kwenikweni. Chikangoti kwee, kapena dzanja likamva kukhakhala, ndimaima pomwepo osachikokanso, n'kuchotsa mbali yakunja molunjika. Yamkati ndimaivuula, kuitsukuluza ndi kuipapasa ndi chala ndisanaibwezere. Kumunsi ndimasiya mpata wa zala ziwiri pamwamba pa mchenga, ndipo kampata kameneko ndimamaliza ndi chopalira cha mpini wautali, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba kutsika.

Anthu ambiri amasiya maginito ali mmatemate pagalasi sabata ndi sabata. Ine ndimakana. Ana amawayesa choseweretsa, n'kumawatsitsa mpaka mumchenga. Tinyongolotsi ta zigoba zoyera timamera pankhope yake n'kuisandutsa chokalira. Ndipo pulasitiki ikang'aluka pang'ono, madzi amchere amalowa, maginito amachita dzimbiri n'kuyamba kutupa, makorali n'kumafota mwini wake osadziwa chifukwa.

Galasi limandiuzanso za madzi ndisanatulutse zoyezera. Ngati ndapala Lolemba, Lachitatu labiriwiranso, ndimadziwa kuti nitrate ndi phosphate zakwera, kapena magetsi akuyaka nthawi yaitali, kapena wina wathiramo madzi a pampopi m'malo mwa osefedwa ndi makina a RO. Nthawi zambiri gwero lake ndi chakudya. Ndimafunsa kuti, "Bwana, kodi mukuzipatsa kangati patsiku?" Amayankha kuti kamodzi basi. Kenako zimadziwika kuti amayi nawo amathira m'mawa, mwana amathira akaweruka kusukulu, aliyense akuganiza kuti ndi yekha amene amazikumbukira. Pamenepo kugula maginito akuluakulu sikuthandiza kanthu.

Ndili ndi anzanga ogwira nawo ntchito m'madzimo. Nkhono za Trochus zimayenda pagalasi usiku n'kusiya timizere tokhotakhota mmene zadya, ndipo nsomba za tang zimajompha ndere tsiku lonse ngati mbuna pamiyala ya kwathu ku Nkhata Bay. N'chifukwa chake sindipala mbali zonse zinayi. Kutsogolo ndi m'mbali ndimayeretsa kuti mbee, koma galasi lakumbuyo ndimalisiyira nkhono ndi coralline. Eni mathanki ena amadandaula kuti ndaiwala. Ndimawafotokozera kuti pinkiyo amamera bwino pamene calcium ali cha m'ma 420 ppm, mchere uli pa 1.025, ndipo madzi sakusinthasintha, zomwenso makorali awo okwera mtengo amafuna. Ambiri akamva zimenezi amalola.

Kunja kwa galasi kumakhala mchere wouma umene madontho amasiya. Umenewo ndimapukuta ndi nsalu yonyowetsa m'madzi abwino ndi viniga pang'ono. Mankhwala opopera mawindo ndimapempha ogwira ntchito m'nyumba kuti asayandikire nawo thanki, chifukwa ambiri ali ndi ammonia, ndipo thanki zambiri za makorali zimakhala zosavundikira pamwamba.