Za Kunyamula Njinga Kumbuyo kwa Galimoto

Makolo athu pobwerera ku Salisbury ndi ku Joni anadza nazo njinga za Humber ndi Raleigh, ndipo mudzi wonse unatuluka kudzaziona. Lero njinga sizizwitsanso munthu. Taimani mmawa pa msewu wochokera ku Mchinji kunka ku Lilongwe, pa Namitete kapena pa Mpingu, ndipo mudzaziona zilikusenza makala, chimanga, nkhuku ndi anthu omwe. Koma lilipo tsiku limene njinga iyenera kusenzedwa nayonso. Mwana wa kutauni agulira atate wake njinga, nafuna kukawapatsa kumudzi. Kapena dzinja lafika, galimoto iima pamene msewu wabwino uthera, ndipo mtunda wotsalawo munthu autsiriza ndi kupalasa.

Tonse taona mmene njinga ikwerera pa matola. Aiponya pamwamba pa matumba, naimanga ndi malegeni, wina nakhalira gudumu lake. Pofika, masipoko athyoka, limu lapindika, ndipo mwini wake ayamba wafuna mmisiri asanafike kwawo. Kwa munthu wa ku Nsaru kapena ku Kabudula ichi sichili chaching'ono iai, pakuti njinga yomweyo ndiyo ipita kuchigayo, ndiyonso ithamangitsa wodwala kuchipatala usiku.

Chifukwa chake ena a abale athu okhala ndi galimoto ayamba kufunsa za kaliyala wachitsulo womangika kumbuyo, pa chitsulo chija chokokera ngolo. Atifunsa ife aphunzitsi, poyesa kuti wodziwa kuwerenga Chingerezi cha pa katoni adziwanso zitsulo. Tinene tsono zimene tizidziwa.

Poyamba muyang'ane galimoto yanu. Zambiri zogulidwa ku Japan zifika zopanda chokokeracho, ndipo kuchiikitsa ndi mtengo wina pa wokha. Zimene zili nacho, makamaka zochokera ku South Africa, zili ndi mutu wobulungira wa mamilimita 50. Ku America achita mwina: kwawo kuli chibowo cha ngodya zinayi, cha mainchesi 2 kapena chocheperapo, mmene kaliyala alowamo. Munthu woitanitsa kaliyala kunja asanaone chokokera chake akhoza kulandira chinthu chokongola chosalowa paliponse.

Koma mawu aakulu ali pa kulemera, ndipo apa tikhalitsepo. Makaliyala awa, monga a Thule a ku Sweden, anapangidwira anthu okwera njinga zopepuka pokasewera. Ambiri a mtundu wopachika alola makilogalamu ngati 15 pa njinga imodzi. Njinga zathu ndi zachitsulo chokhachokha. Ija ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linaipangira misewu yonga yathu, ipitirira makilogalamu 20, ndipo kaliyala wake yekha asenza makilogalamu 100. Wina aionjezeranso mpando wa kabaza ndi zopondera. Tsono pa chokokera chilichonse chopangidwa bwino alembapo kulemera kumene chilola kuti kuchitsamire, ndipo pa galimoto zazing'ono zambiri kuli pakati pa makilogalamu 50 ndi 75. Tiyeni tichite samu yonga ya ana a Sitandade 4. Tiyese kuti njinga iliyonse ili 23, ndi kaliyala mwini 17. Njinga ziwiri ndi kaliyala zikwana 63. Zitatu zikwana 86. Ziwiri zikhoza kupita, koma yachitatu yapyola malire, ngakhale wogulitsa analozadi malo atatu.

Ndiponso samuyi ndi ya galimoto yoima. Mayi aliyense adziwa kuti mtolo womangidwa kunsonga ya mpini wa khasu ulemera paphewa koposa womangidwa pafupi. Momwemo njinga yokhala kunja kwenikweni ikoka chitsulo kolimba koposa inzake, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje kukokako kuchuluka kawiri kapena katatu. Opanga ambiri alemba poyera kuti makaliyala awo sali a misewu yokumbika. Ife amene tidziwa njira za m'midzi ya ku Nambuma mwezi wa February tichotsepo pa nambala yolembedwayo, tisaonjezepo. Njinga yolemera koposa ikhale pafupi ndi galimoto.

Mitundu yake ndi iwiri. Wina apachika njinga pa chitsulo chapamwamba cha felemu, magudumu nalendewera. Mtengo wake ndi wochepa, koma njinga zigundana ndi kukandana, ndipo ya amayi, yopanda chitsulo chapamwambacho, ivuta kupachika. Winayo ali ndi timigula mmene magudumu akhalamo, ndi dzanja logwira felemu. Ameneyu alemera, ndipo wa kunja kawirikawiri apambana mtengo wa njinga imene alikunyamula, chinthu chimene chingaseketse agogo athu. Komabe ife tisankha iyeyu, pakuti njinga yolemera iyenera kuima pa magudumu ake. Muonetsetse kokha kuti sali pafupi ndi nthaka, chifukwa potuluka pa chigwa kapena pa ngalande mbuyo ya galimoto itsika, ndipo kaliyala ayamba kugunda.

Nanga amisiri athu owotcherera zitsulo pa malo a malonda? Sitiwapeputsa konse, ngolo za ng'ombe zimene apanga ziyenda zaka zambiri. Wakufuna kupangitsa kwa iwo auze mmisiri kulemera kwa njinga zake, akane chitsulo chopyapyala cha mabedi, ndipo asalole kuti kaliyala awotchereredwe pa bampala, pakuti bampala wa galimoto za masiku ano sasenza kanthu. Amangidwe ndi mabawuti pa chokokera chenicheni.

Zotsalazo tingozitchula. Nambala ya galimoto ndi nyali za kumbuyo zisabisike, kuopa apolisi a pamsewu, kuopanso wakudza m'mbuyo mwanu usiku. Tayala la njinga lisayang'anizane ndi ekizozi, chifukwa utsi wotentha ulipsereza. Pampu, dengu ndi belu lolendewera zichotsedwe zilowe m'kati. Ndipo mutayenda makilomita owerengeka pa msewu wa fumbi, imani, tsikani, mugwedeze njinga ndi dzanja ndi kukunganso malamba, pakuti mabampu amasula zimene munamanga pakhomo.