Pamene Panali Nkhadze

Malire a makolo athu anali amoyo. Mzere wa nkhadze unkatambalala mbali zonse ziwiri, ndipo palibe ankafunsa kuti nthambi iyi ndi ya yani. Mpanda wa njerwa umafuna chingwe, ndipo chingwecho chimagona pamalo amodzi okha.

Mikangano yambiri imene ndaiona kuno ku Mangochi sinayambe ndi umbombo. Mwini nyumba ali ku Johannesburg, watumiza ndalama ndi kulamula mmisiri pa foni. Mmisiri azula nkhadze, akumba maziko kunja kwa mizu kuti ntchito imupepukire, ndipo pamene woyandikana naye akubwera kuchokera kunyanja apeza simenti itauma. Amene amakhala ndi mlanduwo ndi mayi wotsala pakhomo, yemwe sanagwire chingwe koma amakumana ndi anzakewo pachitsime tsiku lililonse.

Mvula ikagwa m'pamene nkhani imakula. Malata a chipinda chogundana ndi mpanda amathira madzi m'bwalo la eni, madziwo nadya m'munsi mwa khoma la zidina. Kanjira kamene ana ankadzera popita kumadrasa katsekeka. Ine ndimaona kuti izi zimapweteka kuposa nthaka yotayikayo.

Chipembedzo chathu chinalankhulapo mbali zonse ziwiri. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli chenjezo loopsa la tsiku la Kiyama kwa wolanda nthaka, ngakhale yongokwana chikhatho. Momwemonso Abu Huraira anasimba kuti Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa munthu kukaniza woyandikana naye kutsamiritsa mtanda pakhoma lake. Tikakangana, aliyense amakumbukira hadisi imene ikumukomera, inayo n'kuiwala.

Lamulo la malo a mafumu la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo. N'lothandiza, koma kawirikawiri mfumu ndi shehe timawaitana khoma litafika m'chiuno. Apo chigamulo chilichonse n'chowawa: kugumula n'kuwononga thukuta la zaka za munthu kuchilendo, kusiya n'kuuza wolandidwayo kuti angomeza. Ndamvapo akulu akugamula kuti womanga alipire kachigawoko ndi kuika ngalande yakeyake. Mpanda unatsala, madzi anapeza njira ina, koma mabanja awiriwo mpaka lero satumizirana futari m'mwezi wa Ramadhan.