Wina andilankhulire, ine ndigwire ntchito

Kuno ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, ntchito siilembedwa pachikwangwani. Imayenda pakamwa. Munthu akafuna womuumbira njerwa kapena womugulitsira mu kantemba, amafunsa anzake pamaliro, kuchigayo kapena potuluka m'tchalitchi, ndipo dzina limene limatchulidwa ndi la munthu wodziwa kupereka moni ndi kucheza. Ine ndili ndi otizimu. Manja anga ndi olimba, ndipo manambala akalowa m'mutu mwanga satuluka, koma moni wautali uja wofunsa za ana, za kumunda ndi za mvula umanditopetsa kuposa kulima ndime. Nchifukwa chake kwa zaka zambiri dzina langa silinkamveka pamene pakugawidwa ntchito.

Ndinachedwa kulankhula. Chigayo chikalira ndinkatseka makutu nkuyamba kugwedezeka, ndipo ndinkatha kukhala tsiku lonse ndikusanja nthanga za maungu m'mizere. Kumudzi anati ndinalodzedwa. Ena ankanong'onezana kuti bambo anandikhwimira kuti malonda awo ayende, ngakhale kuti malondawo anali mchere ndi kapenta basi. Mphini za asing'anga zidakali pachifuwa ndi pamsana panga. Koma chimene sindidzaiwala ndi mapemphero otulutsa ziwanda. Amuna ankandipanikiza pansi, ng'oma zikulira, wina akundifuulira m'khutu mwenimweni. Phokoso limandipweteka ngati mmene moto umapwetekera. Ndikakuwa ndi ululu, iwo ankati, "Mwamva? Chikuyankha!" nkuwonjezera phokosolo.

Amayi ankandimanga mwendo ndi chitenje kumtengo wa mango akamapita kumunda. Sindiwasungira chakukhosi. Ankaopa kuti ndingasochere m'mapiri kapena kukathera pamsewu wa Great East, pamene malole opita ku Chipata ndi ku Malawi sayembekeza munthu.

Kusukulu masamu ndiwo anandipulumutsa. Nditamaliza, amalume anandipezera malo m'sitolo ina ya zitsulo ku Lusaka. Mabuku a katundu ndinkawasunga bwino moti msomali umodzi sunkasowa. Koma bwana akamalankhula ndinkayang'ana pansi kuti ndimve bwino, iye nkumati, "Iwe, ukundiderera?" Kasitomala akandifunsa ngati loko ndi wolimba, ndinkamuuza zoona. Anandichotsa. Kwina anandichotsanso. Phokoso la ma ngwangwazi pasiteshoni, mahutala, anthu okugunda paphewa, zonse zinandiunjikira mpaka ndinasiya kudya ndi kulankhula, ndipo ndinafika poganiza zodzichotsa moyo. Mlongo wanga ndiye anandigwira dzanja nkupita nane kuchipatala china mumzindamo. Dokotala anafunsa mafunso ambiri, ena anachita kuimbira amayi kuti afotokoze za ubwana wanga. Pomaliza anati ndi otizimu, si misala, si ufiti, ndipo palibe kholo limene linalakwa. Munthu amabadwa nazo, ubongo wake umalandira mawu, kuwala ndi zochita za anthu mwanjira yakeyake, ndipo palibe mankhwala ochotsa zimenezi. Amayi atamva analira, ine ndinagona tulo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi otizimu. Ana amenewa amakula. Thandizo lochepa limene lilipo m'dziko muno lili m'mizinda, ndipo lambiri ndi la ana ndi makolo awo. Munthu wa ndevu wobwerera ku Rufunsa ndi kapepala ka dokotala m'thumba amangokhala yekha.

Pafoni ndinawerenga za Donald Triplett, mwana woyamba amene dokotala Leo Kanner analemba za iye mu 1943 pofotokoza otizimu. Anakhala moyo wake m'katauni kakang'ono ka Forest ku Mississippi, anagwira ntchito kubanki zaka zoposa 60, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati chozizwitsa. Ine ndinaona china: bankiyo inali ya achibale ake. Anali ndi omulankhulira. Ndinawerenganso kuti mu 1992 Jim Sinclair ndi anzake awiri anayambitsa Autism Network International, gulu loyendetsedwa ndi eni ake a otizimu, osati madokotala kapena makolo. Ndinadzifunsa kuti nanga ife amene tilibe banki ya amalume, sitingalankhulirane tokha?

Anzanga ndinkawadziwa kale, kungoti sindinkadziwa kuti ndi anzanga. Panali mnyamata wokonza njinga amene sayankha makasitomala koma amamva vuto la njinga ikamabwera chapatali. Panali mayi wosoka zovala atatseka chitseko, amene anthu ankati ndi wonyada. Kupita kukawalankhula sindikanatha, choncho ndinawalembera makalata. Tsiku loyamba tinakhala pansi pa mtengo kutali ndi msika, aliyense akuyang'ana kwake. Mawu amene tinalankhula sakanadzaza tsamba. Koma potsanzikana mayi uja anafunsa kuti tikumananso liti.

Malamulo athu ena angawaseke. Moni ndi umodzi, wofika mochedwa sazungulira ndi dzanja. Kuyang'ana m'maso si lamulo. Wofuna kugwedezeka agwedezeke, wotopa achoke osatsanzika. Wosatha kulankhula alembe, ndipo wosatha kulemba abwere ndi munthu amene iye mwini wasankha. Sitifunsa kapepala ka dokotala, chifukwa kukapimitsa kumafuna ndalama za basi ndi malo ogona ku Lusaka, zimene ambiri alibe.

Chuma cha gulu ndi kope limodzi la sukulu. Aliyense ali ndi tsamba lake: ntchito imene amatha, chimene chimamusokoneza, ndi mmene angauzidwire zochita. Patsamba la wokonza njinga palembedwa kuti, muuzeni chinthu chimodzi, amalize, kenako mumuuze china. Patsamba langa palembedwa kuti mukasintha pulogalamu mundiuze dzulo lake. Ndiye tinatulukira chinthu chimene palibe anatiphunzitsa. Kudzitamandira ndekha sinditha, lilime limauma. Koma kuima pamaso pa munthu nkunena kuti, "Mayi awa amasoka bwino, msoko wawo sumasuka," ndimatha, chifukwa ndi zoona, ndipo zoona sizindivuta. Choncho aliyense amanyamula dzina la mnzake. Chipatala cha St. Luke's ndi sukulu yake ya anamwino zimabweretsa anthu ambiri kuno, ophunzira, odikirira odwala, ogwira ntchito, ndipo onsewa amang'ambika zovala, amaphulika matayala, amafuna wowawerengera bwino ndalama. Ine ndinauza ophunzira za wosoka uja. Iye anauza kasitomala wake wa kantemba za ine. Lero ndimasunga mabuku a ngongole a tumasitolo tingapo, ndipo ndimalemba m'mawa anthu asanachuluke.

Chinthu china chimene timaumirira ndi pangano lolemba. Anthu ngati ife timabedwa kwambiri, chifukwa timakhulupirira mawu mmene anenedwera. Mnzathu wina anaumba njerwa uvuni wathunthu atauzidwa kuti "tidzaonana bwino". Kuonana bwinoko kunali malaya akale ndi chigubu cha munkoyo. Tinapita tonse kwa a nyakwawa, kope m'manja, ine ndikuwerenga chiwerengero cha njerwa ndi mtengo wake. Miyendo inkanjenjemera, koma ndinawerenga mpaka kumapeto, ndipo munthuyo analipira. Kuyambira pamenepo, ntchito isanayambe timalemba kuti ndi ntchito yanji, idzatha liti, ndalama zingati, mboni ndani. Amene akukana kulemba, ameneyo sitimugwirira.

Si zonse zimene zayenda. Chilala chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024 chinatha maganyu onse, ndipo chilimba chathu, chimene tinkafuna kugulira zipangizo, chinaima. Mnyamata wina achibale anamutengera kukawotcha makala, sanabwererenso kugulu. Tinakanganapo ndi makolo amene ankabwera nkumayankha mafunso onse m'malo mwa ana awo a zaka 30. Timawalemekeza, anatisenza pamene mudzi wonse unkatiloza chala, koma tinawapempha kuti azikhala chapatali pang'ono. Ena anakwiya.

Mkangano umene sunathe ndi wa kalata ya ulumali. Lamulo la anthu olumala la 2012 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali, ndipo bungwe la boma la ZAPD limalembetsa anthu nkuwapatsa khadi. Ena mwa ife amati, "Ine sindine wolumala, musandilembe." Ine ndimati dzina silindidyetsa, ndipo ngati khadi likutsegula chitseko ndilitenga. Aliyense tamusiya asankhe yekha. Chimene tagwirizana tonse ndi kulembetsa kopaletivu, chifukwa kuchokera mu 2022, pamene thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, muli gawo la maphunziro a ntchito zamanja ndi la magulu. Mafomu sativuta, kulemba ndi kwathu. Chovuta ndi misonkhano ya komiti ya wadi, pamene wofuula ndiye amamveka. Kumeneko timatuma awiri, wina wolankhula, wina wolemba.

Inu a masitolo, a sukulu, a matchalitchi ndi a maofesi a ku Rufunsa, munthu wathu akabwera musamuyese ndi macheza. Mupatseni njinga yowonongeka, nsalu kapena buku la ngongole, mumusiye pamalo opanda phokoso, mubwere mudzaone. Mukakhutira, mulipireni mtengo umene mumalipira wina aliyense, ndipo mukakhala pamaliro kapena kuchigayo mutchule dzina lake. Ndipo inu amayi ndi abambo amene muli ndi mwana wamkulu amene anthu amati ndi wozerezeka, wongokhala kuseri kwa nyumba, mufunseni ngati angafune kubwera. Akakana musamukakamize. Akavomera mubwere naye, tsamba lake m'kope lilipo.