Njanji ya pathebulo m'tsinde mwa phiri la Mulanje

Boma la Mulanje lili ndi phiri, tiyi ndi mitsinje yosaphwa, koma sitima ya pamtunda timakaionera kwa anansi athu ku Luchenza, m'boma la Thyolo. Ana ambiri a kusekondale ya kumudzi komwe ndimaphunzitsa Jogalafe amayankha mafunso a njanji pamayeso chonsecho sanaipondepo. N'chifukwa chake ine ndi ana a Fomu 3 tinaganiza zoumba dera lathu pathebulo: phiri, minda ya tiyi, mitsinje ndi njanji yomwe.

Tisanayambe tinasonkherana ya minibasi n'kupita ku Luchenza. Njanji ya kumeneko ndi ija inachokera ku Chiromo n'kufika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo kwa zaka zambiri tiyi wa ku Mulanje ankakwerera pasiteshoniyi. Ana anayeza mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo n'kupeza mamilimita 1,067, muyezo womwenso njanji za ku Zambia ndi South Africa zimatsatira. Anaonanso kuti njanji imakhala pamwamba pa miyala yoswa kuti madzi a mvula azidutsa osaima.

Titabwerako tinayamba ndi masamu. Ku Ulaya ndi ku America, anthu okonda tinjanji toseweretsa amakonda muyezo wotchedwa HO, pomwe chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Pamuyezo umenewu njanji yathu ikanakhala ya mamilimita 12 m'lifupi, zomwe n'zotheka. Koma nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ikanatalika mamita oposa 34, kuposa mtengo wa bulugamu. Choncho tinagwirizana kuti phiri likhale ndi muyezo wakewake, lingofika m'chiuno mwa munthu.

Zipangizo sitinagule. Phiri tinaliumba ndi dothi la pachulu pamwamba pa makatoni ndi nsungwi, n'kusiya mbali ya Chambe yosalala ngati khoma monga imaonekera munthu akaima ku Likhubula. Tiyi tinamupanga ndi utuchi wonyika mu utoto wobiriwira, n'kuumata m'mizere ndi phala la ufa wa chinangwa. Masipoko a njinga zakutha anasanduka njanji, timitengo ta machesi n'kukhala zogonekapo zake. Anyamata omwe anakula akupinda magalimoto a mawaya ndiwo anatipangira mabogi.

Phunziro lenileni linabwera poyala njanji. Gulu lomwe linapatsidwa ntchitoyi linatenga lula n'kulemba mzere wowongoka kuchokera ku Chiromo kukafika ku Limbe, ati njira yachidule ndiyo yosaboola m'thumba. Titaika bogi pamtundapo, inabwerera chambuyo n'kugwera pansi, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga sitima yeniyeni imakwera bwanji?"

Tinatsegula mapu. Chiromo ili pansi, sipafika ndi mamita 100 omwe, pamene Limbe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000. Mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo sagwira ngati matayala pa tala. Mtunda ukakula amangoterereka. N'chifukwa chake omanga njanji ija anatsata chigwa cha Ruo, mtsinje wochokera m'phiri lathu lomweli, kudzera ku Thekerani ndi Sandama, kenaka n'kulondola Thuchila kulowera ku Luchenza. Madzi anali atakumba kale njira yotsetsereka pang'onopang'ono, njanji inangoyenda m'mapazi mwake.

Ana anazula masipoko onse n'kuyambanso. Anakumba chigwa cha Ruo m'dothi lija, n'kupinda njanji kuti izikhotakhota m'mbali mwake. Pamene panakhota kwambiri bogi inkaphonya njanji, ndiye anakulitsa ngodya zake. Njanji inatalika, masipoko anaperewera mpaka tinakapempha ena kwa okonza njinga pamsika, koma bogi inafika ku Limbe.

Kenaka mnyamata wina anathira madzi a m'kapu pamwamba pa phiri kuti aone komwe alowere. Anatsikira m'chigwa n'kukokolola timitengo ta machesi pamlatho wathu. Panalibe woseka, chifukwa ambiri mwa anawa akukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita kuno m'mwezi wa Malichi 2023. Ndinawauzanso kuti m'chaka cha 1997 madzi anadula njanji kufupi ndi Chiromo, sitima zopita ku Nsanje n'kuleka kuyenda. Mtsinje womwe umapatsa njanji njira ndi womwewonso umailanda. Anawo anakweza mlatho, n'kuika timapaipi ta mabolopeni pansi pa njanji, ndipo m'mapiri anabzalamo timitengo toimira mkungudza, womwe ukutha ndi macheka ndi moto.

Kwa aphunzitsi anzanga a kumidzi ndikuti: kusowa kwa labotale kusatimange manja. Dothi, utuchi ndi masipoko zilipo ponseponse. Dziko lino likukamba zokonzanso njanji ya kumwera, ndipo idzafuna anthu odziwa komwe madzi amathamangira mvula ikagwa m'phiri. Ena mwa anthu amenewo ali m'makalasi mwathu lero, akungodikira wowapatsa dothi m'manja.